Kaundula wanga wosaka ntchito: kuchokera ku Area 25 kukafika pa sikelo ya kwa Kamwendo

Lolemba, 5 Febuluwale 2024

Ndayamba kulemba izi chifukwa sindikudziwanso kuti ndatumiza makalata angati, kwa yani, komanso liti. Dzulo alamu anandifunsa ngati a kampani ya mbewu aja anayankha, ine kakasi, poti makampani a mbewu ndawalembera atatu. Kuyambira lero kusaka ntchito ndikukutenga ngati ntchito imene. Ndizidzuka, kusamba, kukhala pansi ndi kope, ndipo chikachitika chinthu ndizilemba.

Pamene zinthu zili ndi apa. Ndinamaliza digiri ya zamalonda a ulimi ku Bunda chaka chatha. Ndikukhala kwa achimwene ku Area 25. Ndawerenga mu imelo ndi m'kope, ndapeza kuti kuyambira Okutobala ndatumiza makalata 31. Ayankha ndi awiri, onse okana. Kuitanidwa ku intavyu sikunachitikepo.

Chotchinga ndi chimodzi, mzere uja umene umakhala pafupifupi pa chilengezo chilichonse: wofunsira akhale woti wagwirapo ntchito yotereyi kwa zaka zosachepera ziwiri, kwina zitatu. Ine chimene ndili nacho ndi masabata ochepa amene tinatumizidwa kukaphunzira ntchito tili chaka chachitatu, ndipo ambiri mwa masabatawo ndinathera pa makina a fotokope. Zaka ziwirizo munthu amazitenga kuti ngati aliyense akufuna kuti ubwere nazo kale?

Lolemba, 19 Febuluwale

Masabata awiriwa ndapita kanayi ku National Library ku City Centre kukawerenga The Nation ndi The Daily Times. Kugula nyuzi tsiku lililonse sindingakwanitse. Chichokereni Novembala pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, chilichonse chimene wosaka ntchito amadalira chakwera: minibasi, kusindikiza, envulopu, bandulo. Ndalama zonsezi zimachokera m'thumba la achimwene, amene ali ndi ana awiri a sukulu.

Chachikulu sabata ino ndi CV. Kutchalitchi kwathu kuli mayi ena amene agwira ntchito yolemba anthu ntchito kwa zaka zambiri. Ndinawapempha kuti ayione. Anaiwerenga ataima pakhonde pomwepo, masamba onse anayi, kenaka anati, "Mwanawe, apa walemba zimene unaphunzira. Nanga zimene unachita zili pati?" Ndinayankha kuti sindinachitepo kanthu. Iwo anati wolemba ntchito akakhala ndi makalata mulu patebulo, sayang'ana amene anakhoza bwino, poti onse anakhoza. Amafuna munthu amene winawake anamudalirapo pa katundu kapena pa ndalama, ndipo winawakeyo akhoza kuimbiridwa foni n'kuvomera.

Ndaifupikitsa kufika masamba awiri. Ndachotsa chipembedzo, mudzi, mfumu, ndi mndandanda wa maphunziro onse a zaka zinayi. Itafupika, mpata wa "zimene ndinachita" ukuoneka poyera kuti ngwopanda kanthu. Makalata tsopano afika 38.

Lachisanu, 8 Malichi

Lachiwiri ndinalandira foni. Bambo wolankhula mwaulemu anati ndasankhidwa pa ntchito ya bungwe lina lothandiza alimi, ndipo intavyu ndi Lachisanu, koma nditumiziretu ndalama pa foni ya fomu yachipatala. Mtima unagunda. Dzina langa analitchula lonse, ndi digiri yomwe. Ndinafika pofunsa alamu ngati angandibwereke. Iwo ndi amene anati, "Mlamu, tayamba wafunsa ku ofesi kwawo." Ndinapeza nambala ya bungwelo, ndipo amene anayankha anati alibe malo a ntchito ndipo salipiritsa aliyense. Pofika madzulo nambala ya bambo uja inali yozima.

Chimene chandipweteka n'chakuti CV yanga anaitenga pa gulu lina la WhatsApp pamene ndinaiponya ndekha mu Disembala. Anthu otere amadya thukuta la anthu amene alibe kalikonse. Mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku koleji anauzidwa ndi bwana wina kuti akakambirane za ntchito ku malo ogona alendo, usiku. Sanapite, ndipo ntchitoyo sanaipeze. Akatiuza kuti achinyamata tizilimbikira, azikumbukanso kuti njira yake muli zimenezi.

Mapepala ofunika pa pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maofesi, imene inayamba mu 2018 pansi pa Unduna wa Zantchito, ndawasonkhanitsa mu fayilo imodzi. Akadzalengeza ndidzalembetsa. Koma ofuna ndi ambiri, ndipo sindingakhale manja lende kudikira.

Lolemba, 25 Malichi

Loweruka Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Kwa ine amene ndikusaka ntchito m'makampani ogula ndi kugulitsa mbewu, izi zikutanthauza kuti katundu achepa, ndipo olembedwa ntchito achepanso.

Dzulo anaimba amalume kuchokera kwathu ku Mchinji, kufupi ndi kwa Kamwendo. Iwo ndi msungichuma wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza. Mlembi wawo anapita ku Joni mu Januwale, ndipo nyengo yolandira zokolola yayandikira popanda wolemba. "Malipiro palibe, mphwanga," anatero. "Nsima yokha ndiye udya."

Achimwene sanakondwe nazo. Anati, "Tinavutika kukuphunzitsa kuti ubwerere kumudzi kukayeza soya?" Ndikuwamvetsa. Iwo anasiya sukulu ali Fomu 4 kuti ena tipitirire, ndipo pali ngongole ya sukulu ya ku Loans Board imene ikundidikira. Koma ndinawakumbutsa mawu a mayi a kutchalitchi aja. Ku Area 25 kuno palibe amene angandidalire pa thumba ngakhale limodzi. Tagwirizana kuti ndipite miyezi itatu, ndipo makalata ndizitumizabe pa foni.

Loweruka, 13 Epulo

Ndatha masiku khumi kuno. Kopaletivi ili ndi mamembala 142 m'kaundula, ngakhale ena anamwalira ndipo ena analembedwa kawiri, kamodzi ndi dzina la bambo awo, kenanso ndi la amuna awo. Nyumba yosungiramo katundu ndi yanjerwa zootcha, yamalata, pansi pa simenti. Zolemba za chaka chatha zili m'makope atatu a ana a sukulu ndi pa timapepala ta m'jumbo. Pena analemba makilogalamu, pena ndowa, pena matumba, osanena kuti thumbalo linali lodzaza bwanji.

Masiku anayi oyamba ndinangokhala pa benchi ndi amalume ndi apampando, kuitana dzina limodzilimodzi, iwo n'kumandiuza kuti uyu ndi wa mudzi uti, alipo kapena kulibe. Mamembala enieni atsala 127. Aliyense ndamupatsa nambala.

Ndagula buku lalikulu lachikuto cholimba ndi mabuku awiri a malisiti okhala ndi kaboni. Lamulo ndaika limodzi: thumba lisalowe m'nyumbamo lisanalembedwe, ndipo mwini wake asachoke wopanda lisiti. Madzulo ndimakopera zonse mu Excel pa laputopu yanga yakale, imene ndimakatchajitsa pa sola ya m'golosale.

Ndinapemphanso komiti kuti sikelo tiziiyesa m'mawa uliwonse anthu akuona. Tilibe miyala yoyesera ngati ya a Malawi Bureau of Standards, choncho timaikapo mapaketi a shuga a kilogalamu imodzi okwana khumi, obwereka kugolosale. Alimi kuno anapsa kale ndi masikelo a mavenda, moti akaona muvi waima pa 10 mpamene amamasula matumba awo.

Loweruka, 27 Epulo

Sabata ino ndaphunzira chinthu chimene ndinalemba pa mayeso ku Bunda koma ndinali ndisanachigwire ndi manja.

Chaka chatha kopaletivi inatsala pang'ono kutha chifukwa cha matumba 9 a soya. Analandira matumba okwana 200 a makilogalamu 50, koma tsiku logulitsa, wogula atayeza, panaperewera pafupifupi makilogalamu 450. Anthu analoza chala mlonda, ena analoza amalume. Mlondayo anachotsedwa. Mpaka lero pali mabanja awiri amene sapatsana moni.

Alangizi a dera lino atibwereka kachipangizo koyezera chinyontho. Soya woyamba kubwera sabata ino, wa mtundu wa Tikolore, wokololedwa msanga chifukwa anthu akufuna ndalama, amaonetsa 15 kapena 16 peresenti. Ogula amafuna wouma kufika cha pa 12 kapena 13. Usiku ndinakhala pansi ndi cholembera. Thumba la makilogalamu 50 pa 16 peresenti lili ndi makilogalamu 42 a soya weniweni, otsalawo ndi madzi. Likauma kufika pa 12 peresenti limalemera makilogalamu 47.7. Thumba lililonse lataya makilogalamu 2.3 popanda wolikhudza. Pa matumba 200, amenewo ndi makilogalamu oposa 450, kapena kuti matumba 9.

Ndinabwereza kuwerengako katatu, thupi likuchita tsembwe. Sindinganene motsimikiza kuti chaka chatha palibe anaba, poti palibe anayeza chinyontho nthawi imeneyo. Koma nambala zikugwirizana moti munthu sangazinyalanyaze. Lachinayi ndinafotokozera komiti. Sindinayambe ndi maperesenti. Ndinayeza ndowa ya soya waiwisi pamaso pawo, tinamuyanika pa lona masiku awiri, lero tamuyezanso. Muvi watsika. Apampando anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndiye kuti mnyamata uja tinamulakwira."

Tagwirizana kuti soya wopitirira 13 peresenti azibwerera kukayanikidwa. Woyamba kubwezedwa anali agogo ena amene anabwera ndi matumba awiri pa kabaza. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mwana wa malemu uje, ndinakunyamulapo kumsana, lero ukundibweza?" Ndinawagwadira, n'kuwauza kuti, "Agogo, ndikalandira wanuyu, amene adzalipire madziwo ndi anzanu onse." Tinawayanikira pabwalo la kopaletivi pomwepo kuti asalipirenso kabaza. Pa zonse zimene ndachita chiyambireni, kuwabweza agogowa ndiye kunali kovuta kwambiri.

Loweruka, 18 Meyi

Soya walowa makilogalamu 8,640. Ndi wochepa poyerekeza ndi chaka chatha, mvula inadula nthawi yolakwika. Matumba tawasanja pa mitengo kuti asakhudze simenti, motalikirana ndi khoma, ndipo mulu uliwonse uli ndi khadi lake losonyeza zolowa, zotuluka ndi zotsala. Lachisanu lililonse timawerenga matumba ndi anthu awiri a m'komiti, n'kusainira tonse.

Mtedza wayamba kufika, wambiri ndi CG7. Vuto lake ndi chuku. Anthu ena amawaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, ndipo chinyontho chimenecho n'chimene chimabweretsa chuku chokhala ndi poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndiponso amachititsa kuti mtedza wathu ukanidwe pa misika yakunja. Choopsa n'chakuti mtedza wosankhidwa uja, wofota ndi wowola, sutayidwa. Umasinjidwa kukhala nsinjiro za phala la ana. Ndalankhula za izi pa msonkhano wa amayi, ndipo ndizilankhulabe.

Kumbali yanga zinthu zathina. Ndalama imene achimwene anandipatsa yatha, sabata yatha sindinagule bandulo, ndipo chilengezo china chabwino ndinachiona tsiku lotsekera litadutsa. Makalata aima pa 44. Ndikufuna ndilembe izi momveka: ine ndatha kugwira ntchito yaulereyi chifukwa amalume akundidyetsa ndipo kumudzi kulibe lendi. Mnzanga wa ku Ndirande amene akusamala azing'ono ake sangathe kutaya miyezi itatu osalandira kanthu. Anthu akamalangiza kuti "kadziperekeni kaye", aziyamba afunsa kuti munthuyo adya chiyani. Makampani amene amafuna zaka ziwiri pa ntchito ya kalaliki akutsekera kunja ana a amphawi, ngakhale sakudziwa.

Lachiwiri, 4 Juni

Soya tagulitsa. Komiti inaimbira ogula atatu, ndipo ine ndinalemba mitengo yawo pa bolodi pamodzi ndi mtengo wotsikitsitsa umene Unduna wa Zaulimi unalengeza chaka chino, kuti aliyense aone. Galimoto itabwera, sikelo ya wogula ndi buku langa zinasiyana ndi makilogalamu 31 okha pa katundu yense. Aliyense walandira ndalama zake molingana ndi lisiti, ambiri kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Palibe amene wakweza mawu. Mlonda wakale uja komiti yamupepesa ndipo wabwerera pa ntchito.

Usiku womwewo ndinatsegula CV. Pa mpata unali wopanda kanthu uja ndalemba mizere inayi: mlembi wa kopaletivi ya mamembala 127, ndinakhazikitsa kaundula ndi malisiti, ndinalandira, kuyeza ndi kusunga matani oposa 8 a soya, kusiyana pogulitsa kunali kosakwana theka la peresenti. Apampando ndi alangizi avomera kukhala mboni zanga. Amalume sindinawaike, poti ndi abale.

Ndasinthanso kumene ndikuponya. Poyamba ndinkangofuna ntchito zolembedwa kuti "ofisala". Tsopano ndalembera malo asanu a ukalaliki wa m'nyumba zosungiramo katundu ndi wogula mbewu, ngakhale amafuna dipuloma chabe. Makalata 49.

Lachitatu, 26 Juni

Intavyu yoyamba m'moyo wanga yachitika lero ku Kanengo, pa kampani ina yogula ndi kukonza mbewu. Ndinafika Lilongwe dzulo. Alamu anandisitira siketi ndi bulauzi yawo.

Tinalipo 14 pa malo awiri. Ena anali achikulire, oti agwirapo ntchito m'makampani a fodya nyengo zingapo. Poyamba anatipatsa kompyuta ndi mphindi 30 kuti tikonze zolowa ndi zotuluka za katundu mu Excel n'kupeza pamene palakwika. Kenaka kulowa mmodzimmodzi pamaso pa anthu atatu.

Funso loyamba, loti ndinene za ine, ndinaliyankha mothamanga ndipo mawu amanjenjemera. Kenaka bambo amene amayang'anira nyumba ya katundu anayang'ana CV n'kunena kuti, "Chemwali, apa tikuona miyezi itatu yokha, ndipo ndi kumudzi. Tinalemba kuti tikufuna zaka ziwiri." Ndinavomera kuti ndi zoona. Ndinapempha ngati ndingawaonetse buku. Ndinali nditabwereka buku lachikuto cholimba lija kwa apampando, ndipo ndinalitulutsa m'chikwama, lafumbi m'mbali, masamba ena odetsedwa ndi zala.

Analitsegula, n'kumatembenuza pang'onopang'ono. Anafunsa chifukwa chimene mizere ina ili ndi nyenyezi yofiira. Ndinati ndi matumba obwezedwa chifukwa cha chinyontho. Anafunsa kuti ndikapeza katundu waperewera ndingayambire pati. Ndinati ndingayambe ndayesa sikelo, kenaka kuyerekeza chinyontho cha tsiku lolandira ndi cha lero, kenaka kuwerenga makadi a milu, ndipo za wakuba ndingaziganize zonsezi zikalephera kufotokoza. Ndinawauza za matumba 9 aja. Apa mantha anali atatha, chifukwa ndinkanena zinthu zimene ndinaziona ndi maso. Mayi amene anakhala pakati anafunsa ngati sindidzathawa ndikapeza ntchito yogwirizana ndi digiri yanga. Ndinati nyengo yonse ndidzaimaliza, koma sindingalonjeze kuti ndidzakalambira pa sikelo.

Anati adzatiimbira. Buku ndalitumiza kale pa minibasi ya ku Mchinji, mtedza ukulowabe.

Lachisanu, 12 Julayi

Masabata awiri a zii. Ndinabwerera kumudzi kukamaliza za mtedza. Lolemba alangizi anandipeza pa sikelo n'kundiuza kuti anthu ena a ku Lilongwe anawaimbira kufunsa za ine, ndipo anafunsa makamaka ngati ndinasowetsapo katundu kapena ndalama. Apampandonso anaimbiridwa. Akuti anayankha nthawi yaitali mpaka woimbayo anachita kuwadula.

Lachitatu foni inalira ndili kusankha mtedza ndi amayi. Andilemba ukalaliki wa katundu, kontrakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, yotheka kuonjezera. Ndinapita kuseri kwa nyumba ya katundu n'kulira. Kenaka ndinaimbira achimwene. Anangoti, "Zikomo, mlongo wanga," n'kudula, ndipo alamu akuti anawaona akupukuta m'maso.

Lachisanu, 2 Ogasiti

Sabata yoyamba yatha. Kalata ya ntchito ndinaiwerenga yonse ndisanasaine, monga anandilangizira mayi a kutchalitchi. Miyezi itatu yoyamba ndi yoyesedwa. Pa malipiro azidula msonkho wa PAYE ndi 5 peresenti ya penshoni, kampani n'kumaikapo 10 peresenti yake. Zotsalazo zikukwana minibasi ya ku Kanengo, chakudya chamasana, kuthandizako pakhomo pa achimwene, ndi pang'ono poyambira kubweza ngongole ya sukulu. Za nyumba yangayanga sizinafike.

Kuno katundu amayezedwa ndi galimoto yomwe pa sikelo yapansi, ndipo zolemba zimalowa m'pulogalamu ya kompyuta imene sindinaigwiritsepo ntchito. Lachiwiri ndinalowetsa katundu pa mulu wolakwika, ndipo mnzanga wamkulu pa ntchitoyi anandionetsa kakonzedwe kake mosakalipa. Ndikulemba m'kakope chilichonse chimene akundiuza.

Makalata onse anakwana 52, mayankho okana 6, intavyu imodzi.

Ku kopaletivi buku ndasiyira mtsikana wina amene analemba mayeso a MSCE chaka chatha ndipo akudikira mwayi wa koleji. Ndinakhala naye milungu iwiri pa sikelo, ndipo kuwerengera chinyontho akukutha. Ndapempha komiti zinthu ziwiri: kuti pa thumba lililonse logulitsidwa azipatula kangachepe kolipira mlembi, ndiponso kuti nyengo ikatha amulembere kalata yokhala ndi chidindo, yonena makilogalamu amene anasunga. Choyambacho akuti akakambirana pa msonkhano waukulu wa mu Seputembala. Ndapempha kale tchuthi cha Loweruka limenelo kuti ndikakhalepo.